Achemwali Anga a Eulogia ndi Alendo Awo

Achemwali anga a Eulogia Arancibia anayamba kusunga azungu chaka chimene alamu anga a Hilarión anamwalira. Alamuwo anagwira ntchito m'migodi ya ku Potosí kuyambira ali mnyamata, ndipo fumbi la pansi pa nthaka linawadya m'chifuwa pang'onopang'ono mpaka anatha. Anasiya nyumba ya njerwa kumtunda kwa msika wa alimi muno mu Sucre, nyumba yosamaliza, zitsulo zikuonekera padenga ngati nyanga. Ana awiri anali atapita kale ku Argentina kukafuna ntchito. Zipinda zinangoti pululu, moti achemwali ankati akatsokomola nyumba imawayankha.

Ine ndine Macario, mlongo wawo wamng'ono. Ndayendetsa minibasi mumzinda muno kuyambira ndili ndi tsitsi, ndipo msewu wanga umadutsa pakhomo pawo penipeni. Zambiri zimene ndikunenazi ndinaziona ndi maso angawa, zina pagalasi loonera kumbuyo.

Nthawi imeneyo achemwali ankagulitsa mandasi ndi api pamsika m'mawa uliwonse. Api wawo, chakumwa chija chotentha cha chimanga chakuda, anali wotchuka mzere wonse wa mabenchi. Mphunzitsi wina amene ankakonda kumwera pa iwo ndiye anawatsina khutu kuti sukulu yophunzitsa alendo Chisipanishi, pakati pa tauni, ikusowa mabanja osunga ophunzira. Achemwali anavala chipewa chawo cha Lamulungu, ine ndinawaperekeza.

Mkulu wa sukuluyo anali mayi Berdecio, munthu waulemu ndithu, wolankhula motsitsa mawu. Anawayang'ana achemwali kuyambira pachipewa, kutsika ndi tsitsi lawo loluka zingwe ziwiri, mpaka pa siketi yamapindo ambiri ya amayi a mtundu wathu.

"Nyumba yanu ili kutali, komanso kumtunda," anatero mayi Berdecio. "Koma chaka chino alendo achuluka, ndiye tikuyesani. Ndikupempha ziwiri zokha, mayi. Mukamabwera kudzawatenga muzivala diresi kapena thalauza. Ndipo patebulo muzilankhula Chisipanishi chokha, chifukwa ndicho anthuwa adzera, osati Chikechuwa cha makolo anu."

"Siketi iyi yakulakwirani chiyani, mayi?" anafunsa achemwali.

"Sinandilakwire. Koma alendo..."

"Alendowo akubwera ku Bolivia kapena akupita kwina? Ngati akubwera kuno andipeza mmene ndililimu. Chisipanishi ndilankhula nawo, palibe vuto. Koma mphika ukasefukira ndiutukwana m'Chikechuwa, pakuti mphika wanga chilankhulo china sumva."

Ine ndinangoyang'ana pansi, ndikuti basi zathera pompa. Koma nyumba za m'tauni zinali zitadzazadi, ndipo sabata yotsatira kunabwera atsikana awiri ndi zikwama zazikulu kuposa eni ake.

Kusukuluko, tsiku loyamba ophunzira ankawakhazika pansi n'kuwachenjeza: musakwere minibasi, kwerani takisi imene sukulu yakuitanirani, musadye pamsika, musakwere mtunda kupitirira msika wa alimi nokha. Ndiye tangoganizani, munthu wauzidwa zimenezo m'mawa, masana akumutengera kumtunda komweko kuti ndiko kwanu. Ankafika pakhomo atakumbatira tizikwama tawo pamimba ngati ali ndi pakati.

Achemwali analinso ndi malangizo awo, koma awo ankayambira pa kapu ya tiyi wa masamba a koka.

"Imwani, mwanawe. Lero simupita kulikonse," ankatero. "Kuno ndi kumwamba, mpweya ndi wochepa. Yendani ngati nkhalamba, idyani ngati khanda, gonani nokha. Mutu ukawawa ndiuzeni, musachite manyazi."

Kenako ankamugwira mkono mlendoyo n'kumuzungulitsa nyumba. Kubafa ankaloza chotenthetsa madzi chija cha magetsi chimene chimalendewera pamwamba. "Ichi musachikhudze muli wonyowa, pokhapokha ngati mukufuna kuvina." Kuchimbudzi ankaloza chitini. "Mapepala muziponya umu. Mipope yathu ndi yopapatiza ngati khosi la nkhuku." Madzi akumwa anali mu ketulo yowiritsa, a pampope ayi. Pasipoti ankaitsekera m'kabati, mlendo n'kumayenda ndi fotokope yake. Za agalu ankachita kusonyeza pabwalo, siketi ikukhudza pansi. "Akakuthamangirani musathawe. Weramani chonchi ngati mukutola mwala. Agalu a mu Sucre onse anaphunzira sukulu imodzi."

Tsiku lachiwiri ndiye linali langa. Achemwali ankaimitsa minibasi yanga, kumukweza mlendo, iwo n'kukhala kumbuyo kwenikweni, manja atapinda. Tikayandikira pamsika mlendo ankacheuka kuwayang'ana.

"Mukuyang'ana ine ndine woyendetsa?" ankatero achemwali. "Muno mulibe belu. Fuulani!"

"Nditsika," mlendo ankanong'ona.

Ine ndinali nditauzidwa kale kuti ndisamve. Ndinkangopitirira.

"Kwezani mawu, mwanawe, tikafika nanu ku Tarabuco!"

Minibasi yonse inkafa ndi phwete, amayi a madengu akuthandizira, "Fuulani, mzungu, fuulani!" Mpaka munthu uja, nkhope itafiira ngati tsabola, ankakuwa kuti "Nditsika!" ine n'kuponda buleki. Ena ankakwiya tsiku limenelo. Koma sindinaonepo mmodzi amene anasochera pambuyo pake.

Pamsika ankawakankhira kwa amayi ogulitsa zipatso kuti akadzigulire okha, ndipo wobwerera opanda basela ankamubweza. "Mwagula malalanje osapempha basela? Bwererani. Muwauze kuti amayi, ikanipo kena. Chisipanishi cha m'buku chija chigwire ntchito pamenepa." Akatero ankawakhazika pa benchi lawo n'kuwathirira api.

Mayi Berdecio ankamva zonsezi, pakuti Sucre ndi wamng'ono. Ankawaitana, kuwalangiza. Achemwali ankamvetsera bwinobwino, kuthokoza, mawa lake n'kuchita zomwezo.

"Mundiuze kuti ndiziwaphunzitsa kuopa anthu amene ndimadya nawo?" anandiuza tsiku lina. "Akaope kwawo. Kuno abwera kudzalankhula, ndiye alankhula ndi ndani, ndi woyendetsa takisi wa sukulu yekha?"

Zinayenda choncho kwa zaka zingapo, kufikira pamene kunabwera Maike. Anali namwino wochokera kudziko lina lozizira la ku Ulaya, mkazi wamtali woti pakhomo ankachita kuwerama. Ankafuna Chisipanishi kuti adzagwire ntchito m'zipatala za kumidzi. Chikwama chake chimodzi chinali cha mankhwala okhaokha. Atakhala patebulo koyamba anatulutsa kansalu konyowa n'kuyamba kupukuta supuni.

Achemwali anaima ndi chipande m'manja.

"Supuni imeneyo ndatsuka ine. Ngati muli ndi mtima wotsuka, mbale zonse zili uko."

Maike anamva theka chabe la mawuwo, koma nkhope ya achemwali anaimva yonse. Anadzuka, kupita kukhitchini, n'kutsukadi mbale zonse pamodzi ndi miphika. Achemwali anaseka mpaka misozi, ndipo chibale chawo chinayambira pamenepo. Madzulo aliwonse awiriwo ankasenda mbatatesi pabwalo, Maike akulankhula Chisipanishi chake chopunduka, achemwali akumukonza ngati akukalipira mwana wawo. Sipanapite nthawi Maike anayamba kuwatchula kuti amayi.

M'mawa wina Maike sanatuluke m'chipinda. Achemwali atalowa anamupeza akunjenjemera, milomo itauma, m'mimba mutamutsegula koopsa. Sanataye nthawi ndi tiyi. Anandiimitsa pamsewu, ndinatsitsa anthu onse, tinamunyamula kupita naye kuchipatala. Adokotala anati ndi tizilombo ta m'chakudya kapena m'madzi, ndipo anamugoneka n'kumuika madzi a m'botolo.

Mayi Berdecio anafika masana. Anakumana ndi achemwali pakhonde.

"Ndinakuuzani, mayi Eulogia. Ndinakuuzani kangati za pamsika?"

"Anadyanso masamba osaphika kulesitilanti ya m'tauni ndi anzake a kusukulu kwanu. Bwanji osakafunsa kumeneko?"

"Kumene wazitenga sindikudziwa, inunso simukudziwa," anayankha mayi Berdecio, mawu ali pansi monga mwa masiku onse. "Koma makolo ake akaimba foni amaimbira ine, osati inu. Mwana wa eni akafera kuno woyankha ndine. Sindingathenso. Akatuluka muno apita kunyumba ina, ndipo sitidzakutumiziraninso wina."

Kunena zoona, mayiwo anali ndi mfundo, ndipo ine ndinawauza achemwali zimenezo pobwerera. Anandiyang'ana ngati ndaba m'tchalitchi.

"Iwe Macario, yendetsa galimoto. Za mfundo usiyire anthu a mitu."

Kunyumba anachapa zofunda za Maike, kulongedza katundu wake, munthu wa kusukulu n'kudzatenga. Sanalire pamaso panga. Koma sabata yonseyo pamsika ankakangana ndi aliyense, ngakhale ogula.

Tsiku lina ndikunyamuka pakati pa tauni ndinaona munthu wamtali akukweza dzanja, chikwama kumsana, masaya atalowa. Anali Maike. Anakhala pampando wa pafupi ndi ine. Titafika kumtunda anatsika, ndipo ine ndinaimika galimoto, anthu akudandaula, kuti ndione.

Achemwali anali pakhomo akusesa.

"Mwabwera kudzatani? Akupatsani nyumba yabwino m'tauni."

"Kumene kuja palibe wondikalipira," anatero Maike. "Amangoti zili bwino, zili bwino. Chisipanishi changa chikufa. Amayi, ndili ndi njala."

"Mukadwalanso?"

"Mudzandinyamulanso."

Achemwali anaika tsache pansi. "Lowani. Koma muyambira msuzi wa nkhuku, musandiuze za mandasi."

Kuyambira pamenepo Maike ankapita kusukulu m'mawa, koma kogona anasankha yekha, ndipo mayi Berdecio anamuuza poyera kuti zikavuta sukulu isatchulidwe.

Chakumapeto kwa nyengo yozizira alimi a m'midzi yozungulira anatseka misewu. Panali malonjezo a madzi amene akuluakulu ena sanakwaniritse, ndiye anthu anagubuduzira miyala pamsewu, kudula mitengo yaminga, n'kukhala pomwepo ndi miphika yawo. Kuno zimenezi sizachilendo. Munthu umangodikira, ukagula mpunga wokwanira. Koma mkati mwa masiku amenewo Maike analandira foni yoti bambo ake agwa, afa ziwalo mbali imodzi, ali m'chipatala. Ndege zinkanyamuka ndithu, koma bwalo la ndege la Alcantarí lili kunja kwa mzinda, ndipo msewu wake unali wotseka. A takisi onse anakana. Kusukulu anamuuza kuti adikire, mwina sabata yamawa.

Achemwali anabwera kwathu m'mamawa, Maike ali pambuyo, maso atatupa.

"Liza galimoto."

"Achemwali, mwapenga? Anthu aja akandiboolera matayala."

"Iwe Macario, ndinakubereka kumsana uli ndi mamina mpaka pachibwano. Lero ukuopa miyala? Utifikitse pomwe pathera msewu, kwinako tiyenda."

Ndinaliza galimoto.

Tinapeza miyala itandandalikidwa pamalo pamene msewu umakhota pakati pa mapiri. Anthu analipo ambiri, amuna atakhala m'mbali akutafuna koka, amayi akuphika. Achemwali anatsika, anakulunga chikwama cha Maike m'nsalu yoberekera, n'kuchiponya kumsana. Asanafike pamiyala panaimirira bambo wina wachipewa chakuda, mkwapulo uli m'manja. Anzake ankamutchula kuti Zenón.

"Palibe wodutsa," anatero m'Chikechuwa. "Bwererani."

"Galimoto sikudutsa, iyo yaima apo. Ife tikuyenda pansi," anayankha achemwali.

"Ndati palibe wodutsa. Ndipo inu mayi, mwavala ngati amayi athu, koma mwasanduka bulu wa mzungu? Ife tikugona pamsewu chifukwa cha madzi, inu mukunyamulira azungu katundu."

Anthu ena anaseka. Ine ndinaona kuti pavuta, chifukwa ndimawadziwa achemwali anga.

"Bulu ndi amene amanyamula zimene sakuzidziwa," anatero achemwali. "Ine ndikudziwa chimene ndanyamula. Mwana uyu amadya m'nyumba mwanga. Bambo ake ali pakati pa moyo ndi imfa kutsidya kwa nyanja. Inu bambo anu atadwala munakapempha chilolezo kwa ndani kuti mukawaone?"

"Musatchule bambo anga!"

Zenón anamenya mkwapulo pansi, fumbi koboo. Mnyamata wina kumbuyo anaponya chibuma, chinawamenya achemwali paphewa n'kuphwanyika. Maike anakuwa, akuwakoka mkono kuti abwerere. Achemwali anamuchotsa dzanja. Anamasula katundu uja, kumuika pakati pa msewu, n'kukhalapo, siketi atayala bwinobwino.

"Chabwino. Menyani. Ndakhala pano, ndipo sindidzuka. Mawa anthu adzamve kuti alimi ofuna madzi anakwapula mkazi wamasiye wa munthu wa kumigodi. Amuna anga anagona pamisewu ngati uno inu musanamere ndevu, ine ndikuwapititsira chakudya. Musandiphunzitse kutseka msewu."

Kenako mayi wina wachikulire amene ankatakasa mphika waukulu analankhula osacheuka n'komwe.

"Zenón, tatsekera magalimoto, sitinatsekere ana a anthu. Asiye apite. Ndipo uyo waponya chibuma abwere kuno ndimuone nkhope."

Zenón anang'ung'udza, kulavula, n'kupatuka. Mayi uja anatunga msuzi m'mbale ziwiri. "Idyani kaye, kutsogoloko n'kutali."

Maike anamwa msuziwo. Atamaliza anafuna kuthokoza m'Chikechuwa. Tsoka lake, mawu a Chikechuwa amene ankawadziwa bwino anali aja ankawamva kukhitchini mphika ukasefukira, ndipo iye ankayesa kuti ndi mawu oyamikira chakudya. Anawerama mwaulemu n'kuwanena momveka bwino, mmene anaphunzitsidwira kukweza mawu. Msewu wonse unagwa ndi kuseka. Ngakhale Zenón anabisa nkhope m'chipewa.

"Amene wamuphunzitsa ameneyu ndani?" anafunsa mayi wa mphika, akupukuta misozi.

"Kusukulu," anayankha achemwali, n'kunyamula katundu.

Ine ndinatsala ndi galimoto, ndipo matayala awiri anandiphwetseradi pamene ndinali kuonerera. Za kutsogolo anandiuza okha. Anayenda dzuwa lili pamutu, kudutsa malo ena awiri otseka, kulikonse kukangana kwake. Maike miyendo yaitali koma mpweya unkamuthera, achemwali mpweya ulipo koma maondo akukana. Chakumapeto anapeza lole ya anyezi imene inawafikitsa pabwalo la ndege anthu atayamba kale kulowa m'ndege. Sanatsanzikane bwino. Achemwali anangomukankha kumsana kuti thamangani. Anabwerera kunyumba mawa lake, mapazi atatupa ngati mikate, phewa litada.

Maike anawapeza bambo ake ali moyo, ngakhale sankathanso kulankhula. Anawasamalira yekha mpaka anamwalira mwezi wotsatira.

Sukulu ija sinawaitanenso achemwali, iwonso sanapiteko kukapempha. Koma Maike anauza anzake, anzakewo anauza ena. Alendo anayamba kufika okha, atalemba dzina la msewu padzanja. Aphunzitsi ena ankabwera masana kudzaphunzitsira pabwalo, pansi pa mtengo wa pichesi. Nyumba ija inamalizidwa, zitsulo za padenga zinabisika. Kunabwera a ku Japan, a ku Korea, nkhalamba ina ya ku Canada imene inkagona m'kalasi, ndi mtsikana wina wa ku Ghana amene achemwali anati ndiye yekha anafika akudziwa kale kupempha basela. Ena anadwala, ena anaberedwa mafoni m'chikondwerero, mmodzi anathawa patangopita masiku ochepa chifukwa cha pakamwa pa achemwali. Iwo sanasinthe kanthu.

Patapita zaka Maike anaimba foni kuti akukwatiwa, ndipo akufuna amayi ake a ku Sucre akakhale kutsogolo. Ulendo wonse anati aukonza yekha. Achemwali, amene anali asanakwerepo ndege, anasoketsa siketi yatsopano yobiriwira ndi kugula shawelo yopeta maluwa. Chinatsala n'chitupa cholowera m'dzikolo. Tinakwera basi kupita ku La Paz, ine ndikuwaperekeza, mapepala onse amene anatiuza ali m'thumba.

Kuofesi ya kazembe wa dzikolo anawaimika kutsogolo kwa galasi, munthu ali mkati akulankhulira pa kachipangizo.

"Mukukatani?"

"Ku ukwati wa mwana wanga."

"Ndi mwana wanu wobereka?"

"Wodyetsa."

"Tingatsimikize bwanji kuti mudzabwerera?"

"Ndikatsale kumeneko ndizikatani? Ndili ndi nyumba, ndili ndi benchi pamsika, ndili ndi manda a amuna anga. Kuzizira ndili nako kale kwathu."

Yankho linabwera patapita masabata: ayi. Akuti panalibe umboni wokwanira woti adzabwerera. Achemwali anakweranso basi yomweyo, ulendo wautali wonsewo, kungofuna kukanena mawu awo. Sanawalole kufika pagalasi. Ndiye anaima pachipata, chipewa chili pamutu, n'kulankhula kuti onse a pamzere amve.

"Ana anu akafika pakhomo panga ndimawafunsa funso limodzi: mwadya? Sindinafunsepo ngati adzabwerera. Akadwala ndimawanyamula, akalira ndimawatonthoza. Lero ine ndikhale wakuba woti ndikubereni dziko? Khalani nalo!"

Mlonda anawapempha mwaulemu kuti asunthe. Anthu a pamzere ankangoyang'ana pansi, aliyense akuopa kuti angamuone akugwedeza mutu.

Atabwerera anatseka zipinda zonse. Kwa miyezi ingapo aliyense wogogoda ankamuuza kuti malo adzaza. Maike analira pafoni, iwo anamuuza kuti, "Musalire, mwanawe, si inu. Kwatiwani bwino, mumudyetse mwamunayo." Tsiku la ukwati anavala siketi yobiriwira ija n'kupita nayo kukagulitsa api.

Ine ndinkati za alendo zatha. Koma tsiku lina ndinapeza mnyamata wandevu zofiira ataima pakhomo, chikwama kumsana, achemwali atatsekereza khomo ndi thupi lawo.

"Mwadzatani ku Bolivia?"

"Kudzaphunzira Chisipanishi, mayi."

"Ndingatsimikize bwanji kuti mudzabwerera kwanu?"

Mnyamatayo anayamba kufufuza m'matumba, kutulutsa tikiti ya ndege, chithunzi cha amayi ake, mpaka chithunzi cha galu wake. Achemwali anaziyang'ana chimodzichimodzi, nkhope ili gwa, kwa nthawi yaitali.

"Galuyu ndiye umboni," anatero pomaliza. "Lowani. Mwadya?"

Mpaka lero aliyense amayamba wafunsidwa choncho, ndipo akakhala pansi amamufotokozera chifukwa chake, kuti akabwerera kwawo akanene.

Chaka chomwecho anandiuza kuti ndipeze wina woyendetsa minibasi kwa sabata imodzi.

"Tikupita kuti?"

"Kunyanja. Ku Peru safuna chitupa cha mtundu uja. Siketi iyi ndinasoketsera ulendo, ndipo ulendo iyenda."

Tinakwera mabasi, kusintha apa ndi apo, kudutsa chipululu, kutsika mapiri mpaka makutu anatseka. Kumunsi kuja achemwali anayamba kudandaula kuti mpweya wachuluka, ukuwalemera m'chifuwa ngati phala. Pa doko la Ilo anadya nsomba yaiwisi yothira mandimu imene ine ndinaikana, ndipo anakangana ndi wogulitsa chifukwa ankawalankhula mofulumira. Titafika pamchenga anavula nsapato, kukweza siketi pang'ono, n'kulowa. Funde linabwera n'kuwanyowetsa mpaka m'chiuno. Anabwerera m'mbuyo akutukwana, kenako analowanso. Anatunga madzi m'dzanja, kulawa, n'kulavula.

"Madzi onsewa osamweka? Ndiye anthu amanyadira chiyani?"

Koma anakhala pamenepo masana onse, osafuna kuchoka, mpaka nkhope inapsa.

Pano achemwali akalamba. Pamsika anasiyira mdzukulu wa mnzawo, maondo sakuwalolanso kutsika mtunda tsiku lililonse. Ana awo a ku Argentina akhala akuwanyengerera kuti agulitse nyumba, apite akakhale nawo, kumene kuli zipatala zabwino ndi misewu yosakwera. Mwezi wathawu mwana wawo wamkulu, Wilfredo, anabwera ndi munthu wofuna kugula, akuti amangapo hotela. Ine ndinalipo. Munthuyo anazungulira bwalo akuyeza makoma ndi maso, achemwali atakhala pampando, atsikana awiri a ku Korea akuwathandiza kutongola chimanga.

"Amayi, taganizani bwino," anatero Wilfredo. "Mukagwa muno adzakudzutsani ndani?"

"Awa," anatero achemwali, akuloza atsikanawo ndi chitsononkho. "Wina akachoka amabwera wina."

"Amenewa ndi alendo, amayi."

"Iwe ndiye mlendo. Umabwera kamodzi pa zaka zingati? Tenga mpando utongole nawo, kapena muperekeze bamboyo asanaponde maluwa anga."

Wilfredo anandiyang'ana kuti ndimuthandize. Ine ndinadzuka kukaona ngati matayala a minibasi ali bwino. Pobwerera ndinapeza wogula uja atapita, Wilfredo atakhala pansi, jekete atavula, dengu lili pamiyendo, mmodzi wa atsikana aja akumuonetsa mmene amayi amafunira kuti chimanga chizitongoledwa.